Ngũgĩ wa Thiong'o ndi ndale za m'mabuku ake

Pamene James Ngugi, amene pambuyo pake adadzatchedwa Ngũgĩ wa Thiong'o, ankalemba Weep Not, Child ndi The River Between, mabuku amene adatuluka mu 1964 ndi 1965, anali mnyamata wa pa yunivesite ya Makerere wokhulupirira kuti sukulu ingawombole mtundu wake. Adabadwa mu 1938 ku Kamĩrĩĩthũ, kufupi ndi Limuru ku Kenya, ndipo mkulu wake adalowa m'nkhalango kukamenya nkhondo ya Mau Mau yolimbana ndi atsamunda. Komabe m'mabuku awiriwa ndale zimamveka chapansipansi, ngati chisoni cha m'banja lolandidwa minda.

Zinthu zidasintha atapita ku Leeds, komwe adawerenga Frantz Fanon ndi Karl Marx. Buku la mu 1967, A Grain of Wheat, likufunsa kale kuti ufulu wa Kenya udadzera yani. Kwa ine, limeneli ndiye lopambana onse. Mugo, amene mudzi wonse ukumuyesa ngwazi, ndiye adapereka Kihika, wankhondo wa Mau Mau, kwa atsamunda, ndipo wolembayo sathamangira kumuweruza. Amamusiya azunzike ndi chikumbumtima mpaka ataulula yekha pamaso pa khamu.

Pofika mu 1977 kuleza mtima kuja kudatha. Petals of Blood lidaloza chala poyera mabwana atsopano akuda amene adalowa m'malo mwa azungu. Koma chodabwitsa nchakuti bukuli, pokhala la m'Chingerezi, adalikhazikitsa ndi nduna ya boma, Mwai Kibaki. Chimene chidaopsa boma ndi sewero lake la m'Chikikuyu, Ngaahika Ndeenda, limene alimi ndi antchito a ku Kamĩrĩĩthũ ankasewera okha pabwalo lomanga ndi manja awo. Kumapeto kwa chaka chomwecho boma lidatsekera Ngũgĩ m'ndende ya Kamĩtĩ popanda kuzenga mlandu.

M'ndendemo adatsimikiza mtima kuti nkhani zake azizilemba m'chinenero cha amayi ake. Caitaani Mũtharaba-inĩ adalilemba papepala la kuchimbudzi, mobisa. Litatuluka mu 1980, odziwa kuwerenga ankaliwerenga mokweza m'nyumba ndi m'malo omwera mowa kuti osaphunzira nawonso amve. Kalembedwe kake kadasinthanso: nyimbo, miyambi ndi nthano zidalowa, pakuti tsopano ankalembera makutu. Matigari la mu 1986 lidatuluka iye ali kale kunja kwa dziko, ndipo boma la Daniel arap Moi lidalanda mabukuwo m'masitolo.

Kusinthaku kudali ndi mtengo wake. M'mabuku apambuyowa oipa ndi oipiratu, ndipo munthu wosokonezeka mtima ngati Mugo sapezekanso kawirikawiri. Ngũgĩ adafika pokonzanso A Grain of Wheat mu 1986, nachotsamo zina zodetsa mbiri ya Mau Mau, chinthu chimene sindigwirizana nacho ngakhale ndimamvetsa chimene chidamukankha. Buku lake lalikulu, Mũrogi wa Kagogo, lonyoza wolamulira wankhanza wa dziko lopeka la Aburĩria, adalimasulira yekha m'Chingerezi mu 2006. Adamwalira ku America mu 2025.