Mbiri ya Kufunafuna Chizindikiro cha Nyamakazi M'magazi

Dzina lakuti nyamakazi limakuta matenda ambiri. Nkhalamba imene maondo ake atha ndi zaka imati ili ndi nyamakazi, chimodzimodzinso mlimi amene msana wamuwawa pochokera kumunda. Koma ulipo mtundu wina umene madotolo amautcha rheumatoid arthritis, ndipo umenewu sudikira ukalamba. Umakonda akazi kuposa amuna, umayambira m'mfundo za zala ndi za mikono mbali zonse ziwiri, ndipo m'mawa manja amauma kwa ola lathunthu, kotero kuti mayi sangagwire munsi, ngakhale kumanga mfundo ya chitenje. Ukalekereredwa umadya mafupa, zala nkupindika osawongokanso.

Dotolo akakumana ndi wodwala wotere amafuna mayankho awiri: kodi nthendayi ndi imeneyidi, nanga lero yakula motani? Funso lachiwirili ndilo lovuta, pakuti mankhwala akachuluka amafoola thupi, akachepa mafupa amanka nadyeka mwakachetechete.

M'chaka cha 1800, dotolo wachinyamata wa ku Paris, a Augustin Landré-Beauvais, analemba za odwala 9 a m'chipatala cha akazi osauka cha Salpêtrière. Masiku amenewo kutupa kwa mfundo kunkatchedwa gout, nthenda imene inkadziwika pakati pa amuna olemera okonda nyama ndi vinyo. Iwo anaona kuti akaziwa akudwala china. Umboni wake unadzapezeka ku London, kumene a Alfred Garrod anasonyeza m'chaka cha 1848 kuti magazi a odwala gout amakhala ndi mchere wina wotchedwa uric acid wochuluka, pamene a odwala enawo alibe wochuluka chotero. Dzina lakuti rheumatoid arthritis analipereka ndi a Garrod omwewo mu 1859.

Muyeso woyamba wa kukula kwa nthendayi unakhazikika ku Sweden mu 1921, mwa ntchito ya a Alf Westergren. Magazi amaikidwa m'kagalasi kakatali kopyapyala, nasiyidwa kwa ola limodzi. Mwa munthu amene thupi lake lili ndi kutupa, maselo ofiira amamira msanga, ndipo dotolo amawerenga mamilimita amene atsika. Njirayi, yotchedwa ESR, njotsika mtengo ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Koma siinena gwero la vuto: chifuwa chachikulu, kuchepa kwa magazi, ngakhale pakati, zonse zimaikweza.

Tsono nkhani inafika kwa nkhosa. Mu 1937 ku Oslo, a Erik Waaler anaona kuti madzi a m'magazi a wodwala nyamakazi amaunjika pamodzi maselo ofiira a nkhosa amene anakonzedwa mwa njira ina. Anafalitsa zimenezi mu 1940, nkhondo ili mkati, ndipo ochepa okha ndiwo anasamalako. Mu 1948 ku New York, a Harry Rose anazipezanso mwangozi, poyeza nthenda ina m'magazi a mmodzi wa antchito a m'labotale mwawo, amene analinso ndi nyamakazi. Chinthucho chinadzatchedwa rheumatoid factor. Mu 1957 gulu la a Henry Kunkel linasonyeza kuti ndi chida cha chitetezo cha m'thupi, cha mtundu wa antibody, chimene chatembenukira zida zinzake. Apa maganizo akuti thupi la wodwalayo likulimbana ndi mwini wake analimba.

Komabe chizindikirochi sichinali chokhulupirika monga anayembekezera. Odwala ena enieni sakhala nacho, pamene anthu ena opanda nyamakazi ali nacho. Cha m'ma 1970, a Brian Greenwood, amene ankagwira ntchito ku Ibadan m'dziko la Nigeria, anachipeza mwa anthu ambiri amene mfundo zawo zinali bwinobwino. M'maiko mmene malungo ndi matenda ena okhalitsa ali ofala, pepala la ku labotale palokha lingathe kunamiza.

Maso a akatswiri anatembenukira kwa maselo oyera, asilikali a m'thupi. Pa makina oonera tinthu tating'ono, asilikali a gulu lotchedwa lymphocyte amaoneka ofanana, chikhalirecho ntchito zawo nzosiyana. Chimene chimawasiyanitsa ndi timapuloteni tokhala pakhungu la selo, tina tolandirira uthenga, tina togwirira adani. Mu 1975 ku Cambridge, a Georges Köhler ndi a César Milstein anatulukira njira yopangira antibody womata pa kapuloteni kamtundu umodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo kunatheka kuwerenga asilikaliwo gulu ndi gulu. Msonkhano wa ku Paris wa mu 1982 unayamba kupatsa timapulotenito manambala otsogozedwa ndi malembo akuti CD.

Dzina limodzi la pa mndandandawo linafika mpaka m'midzi ya m'Malawi chifukwa cha Edzi: CD4. Kachirombo ka HIV kamapha maselo okhala ndi chizindikiro chimenechi, nchifukwa chake kuwerenga CD4 kumasonyeza pamene chitetezo chafika. Mu nyamakazi maselo omwewa samatha, koma amakhamukira m'kachikopa kokuta mfundo, nasonkhezera anzawo kuti atupitse malowo. Mu 1978 a Peter Stastny a ku Dallas anasonyezanso kuti odwala ambiri ali ndi chizindikiro chobadwa nacho chotchedwa HLA-DR4, chimene ntchito yake ndi kulozera maselo a CD4 chimene ayenera kuchiukira.

Zinali zachidziwikire kuyembekeza kuti nambala imodzi yotere idzapezekanso ya nyamakazi. Kafukufuku wachitika wambiri, ndipo zizindikiro zingapo zimakweradi nthenda ikakula, koma palibe chimene chalowa m'ntchito ya tsiku ndi tsiku monga CD4 mu Edzi. Nkhondoyi imachitikira m'mfundo, pamene magazi otengedwa pamkono amangonyamula mphekesera yake. Ndiponso odwala awiri otupa mofanana angathe kukhala ndi magulu osiyana a maselo otsogolera kutupako.

Phindu lalikulu linatulukira kwina, ku mankhwala. Mu 1992 ku London, a Ravinder Maini ndi a Marc Feldmann anapatsa odwala 20 antibody wotsekereza uthenga wa kutupa wotchedwa TNF, ndipo mfundo zinaphwa. Mu 2004 a Jonathan Edwards ndi anzawo anatsimikiza kuti mankhwala a rituximab, ochotsa maselo okhala ndi CD20, amathandiza. Mankhwala otere ngodula, ndipo otsekereza TNF angathe kudzutsa chifuwa chachikulu chimene chinagona m'thupi, motero wodwala amayamba wayezedwa. Kwa ambiri, mankhwala oyambira akadali methotrexate.

Mzinda wa Nijmegen ku Netherlands unapereka zinthu ziwiri. Mu 1998 akatswiri a kumeneko anatsegula njira ya kuyeza kwa anti-CCP, kumene kumaloza nthendayi molondola kuposa rheumatoid factor, ndipo nthawi zina kumaonekera zaka zingapo munthu asanamve ululu. Kumeneku kumayankha funso loyamba lija. La kukula kwa nthenda linayankhidwa mu 1995 ndi muyeso wa DAS28, umene sufuna makina apamwamba. Dotolo amatsinda ndi zala zake mfundo 28 za m'mapewa, m'zigongono, m'mikono, m'zala ndi m'maondo, nawerenga zotupa ndi zopweteka. Amaphatikizapo ESR ya a Westergren, kenaka amafunsa wodwalayo mmene iye mwini akumvera. Nambala yotulukapo ikapitirira 5.1 nthenda yakula ndipo mankhwala ayenera kusinthidwa. Ikatsika pansi pa 2.6 amati yagona.