Liwu la "Economics" ndi Liwu la "Chuma": Umboni wa ku Chigwa cha Shire

Liwu la Chingerezi lakuti economics lidachokera ku mawu awiri a Chigiriki: oikos, kutanthauza nyumba kapena banja, ndi nomos, kutanthauza lamulo kapena dongosolo. Pamene Xenophon ankalemba buku lake la Oeconomicus, zaka zoposa 350 Khristu asanabadwe, ankanena za kasamalidwe ka pakhomo: minda, nkhokwe ndi antchito. M'chaka cha 1615 Antoine de Montchrestien wa ku France adakuza tanthauzoli kuti likhudze dziko lonse, ndipo buku la Alfred Marshall la 1890 lidathandiza kukhazikitsa economics ngati dzina la phunziro loima palokha.

M'Chichewa timamasulira liwuli ndi "zachuma", koma mbiri ya "chuma" ndi ina. Tsinde lake, -uma, limapezeka m'zinenero zambiri za Chibantu. M'Chiswahili chuma ndi chitsulo, m'Chishona ndi mikanda, pamene m'Chichewa ndi m'Chibemba ndi katundu yense wa mtengo. Matanthauzo atatuwa ndi apachibale, popeza kale chitsulo ndi mikanda zinali zinthu zosinthanitsa. Motero liwu lathu limaloza katundu, pamene la Chigiriki limaloza kasamalidwe kake.

Chigwa cha Shire chikutionetsa m'mene tanthauzoli lidasinthira. Pamene David Livingstone adafika m'chaka cha 1859 pa dambo limene adalitcha Elephant Marsh, lomwe eni dera amati Dabanyi, adapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuluka nsalu. Ankasulanso makasu ndi kuphika mchere, nkumasinthanitsa zonsezi ndi anthu a madera ena. Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za mbiri ya chigwachi, adaonetsa kuti mabanja ankadalira minda ya mitundu iwiri: mphala, yodalira mvula, ndi dimba, lolimidwa madzi osefukira akaphwa. Moyo wotere ndiwo umene Agiriki ankautcha oikonomia.

M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda lidaika msonkho wa nyumba, ndipo banja lidayenera kupeza ndalama polima thonje logulitsa kapena pogwira ntchito kwa Azungu. M'zaka za m'ma 1960 minda ya nzimbe idatsegulidwa ku Nchalo. Pang'onopang'ono "chuma" chidayamba kumveka ngati ndalama basi. Akatswiri ambiri amati liwu la "ndalama" nalonso ndi lobwera, lochokera ku dirham wa Aluya, amenenso adachokera ku drachma wa Agiriki.

Vuto la okonza zinenero layambira pamenepa. Nduna yosunga thumba la boma timaitcha Nduna ya Zachuma, ndipo phunziro la economics timalitchanso zachuma. Elephant Marsh idalembedwa m'kaundula wa madambo otetezedwa wa Ramsar m'chaka cha 2017, ndipo mfundo zosamalira dambolo ziyenera kumveka kwa asodzi ndi alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Womasulira akanena za "phindu la dambo pa zachuma", womvera angaganize za nsomba zopita kumsika zokha. Mbatata ya kudimba, bango lomangira nyumba ndi ndiwo zodyedwa pakhomo zimagwa kunja kwa chiwerengero, chonsecho ndizo zimasunga banja m'chaka cha chilala.

Ntchito yokonza mawu otere idali m'manja mwa Chichewa Board kuyambira 1972, ndipo m'chaka cha 1996 idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Maganizo athu ndi akuti tisiyanitse zinthu zitatu. "Chuma" chikhale katundu yense, wogulitsa ndi wodya yemwe. "Zandalama" zikhale za msonkho, mabanki ndi thumba la boma. Economics tiitche "phunziro la kasamalidwe ka chuma". Dzinali ndi lalitali, koma likusunga tanthauzo limene liwu la Chigiriki lidali nalo pachiyambi, ndipo mlimi wa kudimba akalimva adzadziwa kuti nkhokwe yake ili m'kati.