Chiliza cha ku Lilongwe ndi Bwalo la Ndege la ku Fort Hill

Munthu wa ku Chitipa wofuna kukaona chiliza cha Ngwazi Dr. Hastings Kamuzu Banda ayenera kulawira mbandakucha. Amatsika mapiri kulowera ku Karonga, natsata gombe la nyanja mpaka pa Chiweta, nakwera zitunda zokhotakhota zopita ku Mzuzu. Kuchoka apo ndi Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, ndipo pofika mu Lilongwe dzuwa limakhala litapendeka kale. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu ngakhale lero pamene msewu wa pakati pa Chitipa ndi Karonga uli ndi phula. Akuluakulu amene anauyenda uli wafumbi, galimoto zikutitimira m'matope nthawi ya dzinja, amadziwa kuti kale unkatha kudya masiku.

Chilizacho chili pakati pa likulu, moyandikana ndi Nyumba ya Malamulo. Anachimanga ndi miyala yosalala, ndipo mlendo amakwera makwerero asanafike pamene pali chithunzi chachikulu cha mwini wake. Pa nsanamira pali mawu anayi amene mwana aliyense wa sukulu wa masiku amenewo ankawatchula ngakhale atamudzutsa pakati pa usiku: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Manda amene alendo amaona pamwamba ndi chifaniziro chabe. Thupi linagona m'chipinda cha pansi. Malowo ndi aukhondo, ndi a zii, ndipo ngakhale ana asukulu obwera ndi phokoso la m'basi amayamba kunong'ona akangoponda khwerero loyamba.

Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997 m'chipatala ku Johannesburg, naikidwa mu Lilongwe pa 3 Disembala. Kwa zaka zingapo manda ake anali wamba. Boma limene linamugonjetsa pa chisankho cha 1994 silinali ndi changu chomulemekeza, ndipo mabala a ulamuliro wake anali akadali aawisi. Chiliza chimene chilipochi chinatsegulidwa ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika pa 14 Meyi 2006, ndipo patapita zaka zitatu chiboliboli chake, chovala suti ndi kugwira litchowa, chinaimikidwa pafupi ndi nsanja yokumbukira asilikali ku Area 18. Zonsezi zinamangidwa ndi boma. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa chikumbutso chomangidwa ndi boma chimadikira nyengo ya ndale: boma lina limachinyalanyaza, lina limachipaka utoto.

Kutsidya la nyanja kuli chitsanzo cha njira ina. Mu mzinda wa Alexandria, m'chigawo cha Virginia ku America, muli nsanja yotalika mamita 101 yokumbukira George Washington, mtsogoleri woyamba wa dzikolo. Sinamangidwe ndi boma ayi, koma ndi gulu la abale la Freemason, limene Washington analowa mu 1752 ali mnyamata wa zaka 20, nadzakhala mkulu wa nthambi ya ku Alexandria mu 1788. Anthu kuno kwathu amanena zambiri za gululi, zina zoona zina zam'maluwa, ndipo nkhani ino sikufuna kuweruza mlanduwo. Chofunika ndi chimene anachita. Washington atamwalira mu 1799, abale a m'nthambi yake anasunga katundu wake wina: mpeni womangira umene anaikira mwala wa maziko a nyumba ya malamulo ya dzikolo mu 1793, ndi wotchi ya kuchipinda kwake imene dokotala anaiimitsa pa 10:20 usiku, nthawi imene anatsirizika. Mu 1871 moto unagwira nyumba imene ankasungiramo zinthuzi, zina nizipsa. Motowo ndiwo unawatsegula maso. Mu 1910 anakhazikitsa bungwe lomanga nyumba yosagwira moto, mwala wa maziko unaikidwa mu 1923, nyumbayo inatsegulidwa mu 1932, koma zam'kati zinamalizika mu 1970. Chinachedwetsa ntchito n'chakuti anakana ngongole: ankamanga ndalama za zopereka za mamembala zikapezeka, zikatha naima. Ambiri mwa amene anayamba kusonkha sanaione nyumbayo itatha.

Komatu ngakhale nsanja yotereyi imasankha zokamba. Imaonetsa Washington msilikali, Washington mtsogoleri, Washington m'bale wa m'gulu. Pamene ankamwalira, pa munda wa Mount Vernon panali akapolo oposa 300, ndipo amene anali akeake anangowamasula kudzera m'chikalata cha chuma chamasiye. Chiliza chilichonse chili ngati mawu a pamaliro: wolankhula amatchula zabwino, zinazo amasiyira anamfedwa kuti akakambirane kuseri kwa nyumba.

Mlendo wa ku Chitipa akaima pa chiliza cha ku Lilongwe, ali ndi zake zakuseri kwa nyumba, ndipo choyamba ndi ichi: ufulu wa dziko lino sunayambe pa 6 Julaye 1958, tsiku limene Kamuzu anatera pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40. Mbewu yake inafesedwa kale ndi timagulu ta abale, aphunzitsi, akalaliki ndi alaliki ophunzira ku Livingstonia, amene ankasonkha timakobiri ndi kulemba madandaulo awo ku boma. Loyamba mwa magulu amenewa, North Nyasa Native Association, linabadwa mu 1912 m'boma la North Nyasa, limene dera la Chitipa linali mbali yake. Mmodzi mwa oliyambitsa anali Levi Zililo Mumba, yemwe mu 1944 anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress, koma anamwalira kumayambiriro kwa chaka chotsatira asanaone chipatso chilichonse. Ndi Congress imeneyi, itagwidwa ndi anyamata amoto monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza, imene inaitana dokotala wa ku Kasungu kuti abwere kudzatsogolera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la 1964 linasenzedwa ndi mitu yambiri.

Kale Chitipa inkatchedwa Fort Hill. Inali boma laling'ono la atsamunda m'mbali mwa msewu wa Stevenson, umene unayamba kulambulidwa mu 1881 kuti ulumikize nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Pofika zaka za m'ma 1950 malowa ankadziwika kwambiri ndi bwalo la ndege limene bungwe la Wenela linkanyamulirapo amuna opita ku migodi ya ku Joni. Amuna amenewa sankabwerako ndi njinga ndi mabulangete okha. Ena ankabwera ataona mmene munthu wakuda amakhalira pansi pa ulamuliro wa azungu okhazikika, ndipo pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953, sanafune womasulira wowauza kumene chikupita. Pamwamba pa izo panali malamulo a malimidwe. Alangizi ankakakamiza anthu kukumba migula ndi kusiya malimidwe a makolo awo m'mapiri, ndipo wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Kunena zoona, ena mwa malangizowo anali othandiza pa nthaka ya m'zitunda. Chimene chinaipitsa ndi chikoti chimene anabwera nacho.

Mmodzi mwa obwerera kuchokera ku South Africa anali Flax Katoba Musopole, mwana wa dera lino. Kumeneko anaphunzira ndale za kukana malamulo opondereza, ndipo atafika kwawo anayenda mudzi ndi mudzi kudzala nthambi za Congress. Anthu anamupatsa dzina lakuti General. Mu Febuluwale 1959, pamene akuluakulu a boma ku Zomba ankakonza zomanga atsogoleri a Congress, khamu la anthu linalanda bwalo la ndege la Fort Hill ndi kulitseka kuti ndege zisatere. Ganizirani za malo ake: ku Zomba n'kutali, misewu ndi yamatope, ndipo khomo lokhalo lolowera msanga latsekedwa ndi alimi onyamula nkhwangwa. Boma la Nyasaland linachita kupempha apolisi a ku Tanganyika kuti awoloke malire adzatsegule bwalolo. Nkhani ya kamudzi kakumalire, kamene ambiri ku London anali asanakamvepo, inafika m'manyuzipepala a kumeneko.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Kamuzu anagwidwa m'bandakucha ku Limbe natumizidwa ku ndende ya Gwelo, ndipo tsiku lomwelo asilikali anaombera khamu la anthu pa doko la Nkhata Bay. Atsogoleri ambiri anatengedwa m'nyumba zawo, koma Musopole sanapezeke. M'mapiri a Misuku ndi m'madera oyandikana nawo anthu anagwetsera mitengo m'misewu ndi kuphwasula milatho, kotero kuti kwa masabata angapo mawu a boma sankafikako. Asilikali atalowa anatentha nyumba ndi kugwira amuna. Musopole anakhala akuzemba kwa miyezi ingapo, akubisidwa ndi kudyetsedwa ndi anthu wamba, mpaka pamene anagwidwa chaka chomwecho. Apa m'pamene mbiri yolembedwa imaperewera. Mabuku amasunga dzina la General, koma amene anapereka nsima, amene ananamiza asilikali njira, amayi amene anagona kutchire ndi ana nyumba zikufuka utsi, mayina awo ali m'mitu ya adzukulu okha.

Gulu lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin linapeza kuti anthu pafupifupi 50 anaphedwa m'dziko lonse, ndipo linanena mosabisa kuti Nyasaland inasanduka, ngakhale kwa kanthawi, dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mawu amenewo anagwedeza boma la Britain. Kamuzu anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, chipani cha Malawi Congress chinapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961, Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 mbendera yatsopano inakwera. Palibe angachotse dzina la Kamuzu pa ulendo umenewu. Anali ndi mawu amene atsamunda ankawamva ndi ulemu umene mafumu ankaugonjera, ndipo anamanga magulu obalalika kukhala mtolo umodzi.

Zotsatira zake ndi zimene zimalemetsa miyendo ya mlendo pa makwerero aja. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, mu Seputembala 1964, nduna zinasemphana ndi mtsogoleri wawo, ndipo ambiri mwa amene anamuitana anathawira kunja. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka nichichotsedwa pa wailesi. Kwa boma ngati Chitipa, kumene munthu amatha kumva Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe ndi Chitumbuka pa msika umodzi, lamuloli linatanthauza kuti mwana ankasiya lilime la amayi ake pakhomo la kalasi. Nkhani ino yalembedwa m'Chichewa kuti alendo ochokera m'zigawo zonse aimve, ndipo umenewo ndi ubwino wake. Koma ubwinowo unali ndi mtengo, ndipo olipira anali mafuko aang'ono. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kukaphunzitsa m'zigawo zakwawo, ndipo ambiri a kumpoto anasamutsidwa modzidzimutsa ndi mabanja awo. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma msewu wa ku Chitipa unakhalabe wafumbi zaka zonse 30 za ulamulirowo. N'zosadabwitsa kuti pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 chigawo cha kumpoto chinasankha zipani zambiri mwaunyinji. Kamuzu anavomereza zotsatira za 1993 ndi za 1994 mwamtendere, ndipo mu Januwale 1996 anapepesa kwa onse amene anazunzika m'dzina lake. Izinso ndi mbali ya mbiri yake, ndipo woziiwala ndi wosalungama mofanana ndi woiwala ndende.

Akatswiri a mbiri sanagone. Malemu Pulofesa John McCracken analemba za moyo wa Musopole, ndipo Pulofesa Owen Kalinga analemba za chipwirikiti cha 1959 m'boma lakale la Karonga. Koma zolemba zawo zili m'Chingerezi, m'mabuku a m'mayunivesite, kutali ndi mwana wa Fomu 3 wa kwa Kameme, kwa Nthalire kapena ku Wenya. Ntchito yozitsitsira pansi ndi yowonjezera zimene mabukuwo alibe siingadikire boma. Ndi ntchito ya bungwe la chikhalidwe ngati lino, pamodzi ndi mafumu a kwa Mwaulambya, kwa Mwenemisuku ndi madera onse: kulemba mayina a ogwidwa ndi otenthedwa nyumba mudzi ndi mudzi, kujambula mawu a okalamba m'zilankhulo zawo, ndi kuika mwala wolembedwa pamalo pamene zinthu zinachitikira. Abale a ku Alexandria anayamba ndi wotchi ndi mpeni womangira; m'nyumba zina za kuno muli makadi akale a Congress, ziphaso za Wenela ndi zithunzi zoyamba kudyedwa ndi chiswe.

Mnyamata amene anali ndi zaka 15 pamene bwalo la ndege linkatsekedwa anabadwa mu 1944, chaka chimene Congress inakhazikitsidwa. Lero wapitirira zaka 80. Ena a msinkhu umenewo, abambo ndi amayi, akhala pa mipando ndi pa mphasa za pa mwambo uno, ndipo akafunsidwa m'chilankhulo chawo angathe kuloza mtsinje umene mlatho wake unaphwasulidwa ndi kutchula mwini nkhwangwa.