Buledi wosanduka mbale: mbiri ya bunny chow wa ku Durban

M'malo odyera a Amwenye ku Durban, nthawi ya nkhomaliro munthu sadikira kuti wina abwere ndi kabuku ka zakudya. Umaima pamzere, ukafika pakauntala n'kunena mawu awiri okha: "quarter mutton", kapena "quarter beans" ngati m'thumba mwauma. Wogulitsa amatenga buledi wathunthu, kudulapo chigawo chimodzi mwa zinayi, kukolowola chofewa cha m'kati, ndiye m'dzenjemo n'kuthira chipande chodzaza cha nyama ya nkhosa ndi mbatatesi zosambira mumsuzi wofiira. Chofewa chija amachibwezera pamwamba. Pambali amaikapo karoti wopala, wosakaniza ndi anyezi, tsabola ndi viniga. Supuni palibe, foloko palibe, ndipo ukaifunsa anthu amadziwiratu kuti ndiwe mlendo.

Kadyedwe kake kalinso ndi mwambo. Umayamba ndi chofewa chija, kusunsa mumsuzi, kenaka kumabenthula khoma la buledi kuyambira pamwamba kutsika pang'onopang'ono. Wosadziwa amaboola m'mbali, msuzi wonse n'kukhuthukira pamalaya. Chotsiriza ndi tsinde, lomwe pofika nthawiyo lamwa mafuta ndi tsabola mpaka kufiira, ndipo eni mzinda amati kukoma konse kuli pamenepo. Zala zimatsala zachikasu mpaka madzulo.

Ameneyu ndiye bunny chow. Pa Chingerezi "bunny" ndi kalulu, koma mulibe kalulu, ndipo ku India sadziwika n'komwe. Anabadwira ku Natal, m'zaka zomwe munthu wakuda ankaloledwa kugula chakudya koma osaloledwa kukhala pampando.

Nkhani yake imayambira padoko. Pa 16 Novembala 1860 sitima ya Truro inakocheza ku Durban kuchokera ku Madras itanyamula anthu oposa 300, obwera kudzalima nzimbe m'minda ya Azungu pamgwirizano wa zaka zingapo. Patangopita masiku ochepa inafikanso Belvedere kuchokera ku Calcutta. Pofika 1911, pamene boma la India linaletsa kutumiza antchito ku Natal, anali atawoloka nyanja anthu oposa 150,000. Ambiri anali Atamili ndi Atelugu a kummwera kwa India, ena a ku Bihar ndi madera oyandikana nawo kumpoto.

Phoso lomwe ankalandira kumunda linali losauka: mpunga pang'ono, ufa wa chimanga, nsomba zouma, mchere, mafuta, ndi dhal, ndiwo yomwe Mmalawi akaiona angangoti ndi chipere. Zokometsera zambiri za kwawo kunalibe. Kokonati, yemwe kummwera kwa India amalowa pafupifupi mumphika uliwonse, anali wosowa. Choncho amayi anaphika ndi zomwe dziko lachilendo linawapatsa: tsabola wouma wambiri, matimati, mbatatesi, masamba a m'munda, nyemba, nkhuku yolimba mafupa, zam'kati ndi mapazi a nkhosa. Ndicho chifukwa chake curry wa ku Durban amasiyana ndi amene mungadye ku London kapena m'mahotela a ku Delhi. Alibe mkaka, alibe kirimu. Ndi wofiira, wamafuta oyandama pamwamba, wowawa mochititsa thukuta. Mbatatesi amasankha zofumbutuka zomwe zimamwa msuzi, osati zokhala gwa.

Atamaliza zaka zawo, ambiri sanabwerere, ngakhale boma la Natal linawaikira msonkho wa mapaundi atatu pachaka pofuna kuwakankha. Msonkhowu unathetsedwa mu 1914, pambuyo pa sitalaka yaikulu ya 1913 yomwe Mohandas Gandhi anatsogolera nawo. Otsalawo analima madimba m'mphepete mwa mtsinje wa Umgeni, ena anagwira usodzi, ndipo ambiri analowa ntchito yophika ndi kuperekera zakudya m'mahotela a Azungu. Ankayala matebulo omwe iwo eni sakanaloledwa kudyerapo.

Panalinso gulu lina. Kuyambira m'ma 1870 kunayamba kufika amalonda ochokera ku Gujarat, odzilipirira okha ulendo, Asilamu ndi Ahindu. Iwowa ndi amene anamanga Grey Street, msewu womwe lero ukutchedwa Dr Yusuf Dadoo Street. Pamenepo pali mzikiti waukulu wa Juma, moyandikana ndi tchalitchi cha Akatolika cha Emmanuel. Pali kanjira ka masitolo ka Madressa Arcade. Chapafupi pali msika wa Victoria Street, womwe unatsegulidwa mu 1910, n'kupsa ndi moto mu 1973, n'kumangidwanso. M'misewu imeneyi munali matelala, osula golide, nyumba za kanema monga Avalon ndi Shah Jehan, ndiponso tizipinda tambiri todyera, momwe kalaliki, wonyamula katundu kudoko ndi mlimi wobwera kudzagulitsa masamba ankapeza tiyi ndi chotentha cha m'mimba pamtengo wotsika. Amalonda achihindu ochokera ku Gujarat aja amatchedwa Bania, ndipo ambiri amati dzina la chakudyachi linachokera pamenepo.

Malo otchuka kwambiri anali a G.C. Kapitan, mu Grey Street. Anatsegulidwa mu 1912 n'kutsekedwa mu 1992, ndipo zaka zonsezo sanaphikemo nyama. Mfundoyi ambiri amaiiwala: bunny woyambirira anali wa nyemba. Patel's Vegetarian Refreshment Room, mumsewu womwewo, nayo inatchuka ndi nyemba zomwezo.

Ndiye buledi analowa bwanji? Kalelo malamulo a mzinda ankasiyanitsa malo odyera malinga ndi khungu. Anthu akuda anali ndi nyumba zawozawo zodyera, zambiri zoyendetsedwa ndi khonsolo pamodzi ndi mabala a mowa wamasese, ndipo mwini lesitilanti wachimwenye sankaloledwa kuwakhazika m'kati. Koma ndalama ya Mzulu wogwira ntchito kudoko inali ndalama ndithu. Anatulukira njira ya pazenera kapena pakhomo la kuseri: wogula aime panja, alandire, achoke. Vuto linali chotengeramo. Mbale ya sitolo singachoke, mapepala apulasitiki kunalibe, ndipo roti, mkate wopyapyala wa Amwenye, ukaikamo nyemba zamsuzi amang'ambika usanafike pakona. Buledi wa makona anayi anathetsa zonse. Amaima yekha, sadontha msanga, amasunga kutentha, ndipo ukatha kudya palibe chotsuka kapena chobweza. Ankamukulunga munyuzipepala yadzulo. Analinso wotchipa, poti boma la South Africa linkathandizira mtengo wa buledi ndi kuulamulira kwa zaka zambiri, mpaka 1991. Anthu ambiri amaika chiyambi chimenechi m'zaka za m'ma 1940.

Ziliponso nkhani zina. Ena amati anayambitsa ndi olima nzimbe, potengera ndiwo kumunda m'buledi. Ena amati ndi anyamata onyamula zikwama pabwalo la gofu la Royal Durban, omwe analibe nthawi yopita ku Grey Street ndiye anzawo ankawabweretsera. Ya kumunda ndi yokoma kuimva, ndipo otsatsa malonda amaikonda chifukwa ilibe wolakwa. Ine ndimakhulupirira ya pazenera. Wogwira ntchito m'munda wa nzimbe m'ma 1880 buledi wa kubekale akanamupeza kuti tsiku ndi tsiku? Chakudyachi ndi cha m'tauni, cha munthu wokhala ndi kandalama kochepa ndi theka la ola lopumira.

Tisanamizane kuti zeneralo linali la chikondi. Wina anali m'kati, wina panja, ndipo onse ankadziwa. Pa 13 Januwale 1949, chaka chimodzi chisanathe chipani cha National chitalowa m'boma, mkangano wa wogulitsa m'sitolo wachimwenye ndi mnyamata wachikuda pafupi ndi msika wa Victoria Street unabutsa zipolowe zomwe zinafalikira mpaka ku Cato Manor. Anafa anthu 142, masitolo ndi nyumba zambiri zinatenthedwa. Misewu yomweyo imene inkadyetsa anthu onse ndiyo inayamba kuyaka.

Kenaka boma la tsankho linabwera ndi malamulo ake. Group Areas Act ya 1950 inagawa mzinda, ndipo lamulo la 1953 linakhwimitsa kusiyanitsa anthu m'malo onse ofikamo gulu. Mabanja achimwenye anachotsedwa ku Cato Manor, Riverside ndi madera ena n'kukatayidwa ku Chatsworth m'ma 1960, ena ku Phoenix m'ma 1970. Pakati pa osamutsidwawo panali anthu amene timagwirizana nawo magazi. Kuyambira 1873 sitima zankhondo za Britain zinkatsitsa ku Durban anthu olanditsidwa m'zombo za ogulitsa akapolo, ambiri mwa iwo Amakua a kumpoto kwa Mozambique. Anakhazikika ku Bluff, anthu n'kumawatchula kuti Mazanzibari, ndipo Asilamu ochokera ku Nyasaland obwera kudzafuna ntchito, makamaka Ayao, ankafikira pakati pawo. Boma litasowa powaika m'mabuku ake a mitundu, linawaphatikiza ndi Amwenye n'kuwatumiza ku Chatsworth.

Kusamutsa kumeneku kunapha moyo wa usiku wa Grey Street, koma kunamwaza miphika. Kulikonse kumene anthu anakatayidwa kunaphuka kasitolo kokhala ndi zenera logulitsira. Ophika achitamili, omwe nyama sankaisala, anabweretsa bunny wa nkhosa ndi wa nkhuku, ndipo pang'ono ndi pang'ono nkhosa inalanda ufumu wa nyemba. Maphikidwe a m'nyumba nawo analembedwa: mu 1961 bungwe la amayi la Women's Cultural Group linatulutsa buku la Indian Delights lokonzedwa ndi Zuleikha Mayat, lomwe mpaka lero limaperekedwa kwa akwati.

Azungu anafika mochedwa, ndipo anafika usiku. Ophunzira a payunivesite ndi anyamata osewera pamafunde a nyanja anatulukira kuti ndi ndalama yochepa munthu angathe kukhuta mpaka mawa. Malo monga Sunrise Chip 'n Ranch ku Overport, omwe aliyense amangoti kwa Johnny, anatchuka ndi mizere ya pakati pa usiku, ya anthu ochokera kumowa ndi ochokera kuntchito, oima limodzi mumsewu wa Sparks. Kumeneko roti wamkulu wokulungamo tchipisi ndi tchizi amapikisana ndi bunny. Pamzere wa panja lamulo losiyanitsa mipando linalibe pogwira.

Lamulo la 1953 lija linafafanizidwa mu 1990, la Group Areas mu 1991. Mipando inatseguka kwa onse, koma chizolowezi cha buledi sichinachoke. Lero anthu a ku Durban amakangana za bunny monga amakanganira za mpira. Wina amalumbirira Gounden's ya ku Umbilo, yomwe ili pakati pa magalaja okonzera magalimoto. Wina amati palibe yoposa hotela ya Britannia pamsewu wa Umgeni. Wina amakutengerani ku Hollywoodbets ku Springfield Park, komwe anthu amadya maso ali pa mahatchi othamanga pakanema. Kunayambika ngakhale mpikisano, Bunny Chow Barometer, womwe unkachitikira ku Blue Lagoon, pomwe Umgeni amathira m'nyanja. Mikangano yake ndi yeniyeni: nyama ikhale ya mafupa kapena ayi, msuzi ukhale wochuluka bwanji, mbatatesi zingati n'zololedwa munthu asananene kuti wabedwa.

Mmalawi wopita ku Joni nthawi zambiri amayamba wakumana ndi msuweni wa bunny. Ku Soweto ndi m'makomboni ena a Gauteng amagulitsa kota, ku Pretoria amati sphatlo: buledi wodulidwa chimodzimodzi, koma wodzaza tchipisi, poloni, atcha, dzira ndi soseji m'malo mwa curry. Ofika ku Durban kwenikweniko ambiri amapeza ganyu m'masitolo, m'nyumba ndi m'makhitchini a Amwenye ku Overport, Sydenham ndi m'kati mwa tauni, ndipo kwa Msilamu wa ku Mangochi kapena Machinga kumeneko kuli mzikiti pafupi ndi nyama ya halaal. Si zachilendo kumva Chiyao kapena Chichewa kuseri kwa kauntala, komwe akusenda mbatatesi ndi kuwaza anyezi thumba lathunthu kusanache. Moyo wake si wa mtendere nthawi zonse. Mu 2015 ndi mu 2019 Amalawi ambiri mumzindawu anathamangitsidwa m'nyumba zawo pa zipolowe zodana ndi obwera, ena n'kubwerera kumudzi pa mabasi.

Chomwe chasintha kwambiri ndi mtengo. Nyama ya nkhosa inakwera, ndipo quarter mutton salinso chakudya cha tsiku ndi tsiku cha wonyamula katundu. Iye wabwerera ku nyemba, kapena amapempha nyemba zothira msuzi wa nyama pamwamba, nyamayo osaikamo. Kumbali inayo, malesitilanti a ku Umhlanga, a ku Cape Town ngakhale a ku London amagulitsa bunny wa nkhanu za m'nyanja m'kabanzi kozungulira, pambale yoyera, foloko ndi mpeni pambali. Kukoma amakoma, sindikana. Koma kabanzi kofewa kotero sikapirira msuzi wa ku Durban ngakhale mphindi zisanu, ndiye ophikawo amachepetsa msuzi kuti kasagwe. Ophika akale ankachita mosiyana: msuzi ankausiya mmene ulili, n'kusankha buledi wogona, wolimba khungu, woti wogula ayende naye kuchokera ku Grey Street mpaka kudoko asanabooke.