Wailesi ya mu Sefuliya

Foni isanabwere, ambuya athu muno mu Kabwe, pomwe tauni inali kutchedwa Broken Hill, anali kusungira ndalama sefuliya yolankhula.

Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ku Britain kupanga wailesi yotchipa, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1949. Anaiika m'chigoba cha sefuliya yopanda chogwirira, n'kuipaka utoto wa buluu. Dzina lake Saucepan Special. Mtengo mapaundi 5, batire mashilingi 25. Kwa wogwira ntchito pa mgodi kapena pa njanji, zimenezo sizinali ndalama zamasewera.

M'batire lalikululo munali zinki, chitsulo chimene mgodi wathu unali kukumba pamodzi ndi mtovu. Mtovuwo ukali m'dothi la ku Makululu, koma iyo ndi nkhani ina.

Boma linafuna kuti timve mau ake. Ife tinali kudikira nyimbo za Alick Nkhata kuchokera ku Lusaka. Pofika 1953, nthawi ya Federation, anthu anasiya kuikhulupirira wailesiyo. Mphekesera zinafala zoti olengeza ake ndi banyama, oyamwa magazi, mpaka ena a iwo anaopsezedwa. Mphekeserazo zinayenda pakamwa, popanda WhatsApp.