Za Alangizi a Zaumoyo ndi Amene Adawaphunzitsa

Pa 23 Epulo 2019, pachipatala cha Mitundu, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe, padasonkhana akuluakulu a boma, nthumwi za bungwe la WHO ndi atolankhani, kudzachitira umboni tsiku limene Malawi adakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo, wotchedwa RTS,S, pamodzi ndi akatemera ena amene ana amalandira kusikelo. Ghana ndi Kenya adadza pambuyo pake. Alendowo atakwera magalimoto awo, ntchito yolondola mwana aliyense kufikira atabayitsa kanayi konse idatsalira anthu a malaya a mtundu wa mtambo, amene boma liwatcha ma HSA, koma kumudzi timati alangizi a zaumoyo, kapena, powonjeza ulemu pang'ono, adokotala.

Mbumba imeneyi siidabadwe dzulo. Makolo ake pantchito ndiwo aja adayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1960 akutemera anthu nthomba, ndipo agogo a ku Mitundu ndi ku Nathenje, mukawapempha mwaulemu kuti apinde mkono wa malaya, adzakuonetsani chipsera chimene anyamata aja adawasiyira, chikhalirebe ngakhale kuti nthombayo idalengezedwa mu 1980 kuti yatheratu padziko lonse lapansi. Kolera atalowa m'dziko muno mu 1973, boma lidalembanso anthu aganyu oti azithira mankhwala m'zitsime ndi kuuza mafumu za zimbudzi. Mliriwo utazilala, lidaona kuti sikwanzeru kuwabalalitsa, ndipo m'kupita kwa zaka adapatsidwa dzina la ma HSA, nakhala antchito okhazikika a Unduna wa Zaumoyo.

Maphunziro awo adali a masabata owerengeka, amene pang'onopang'ono adafika 12, ndipo a m'chigawo chapakati ambiri adakawalandira ku Mponela, monga a kumpoto ankapita ku Mzimba ndi a kummwera ku Mwanza. Wina angapeputse sukulu yaifupi chotero, koma ayambe waima pansi pa mtengo wa mango tsiku la sikelo. Mlangizi amangirira sikelo kunthambi, alowetsa khanda m'kakabudula kansalu, alikoloweka likulira ndi kupalapata, adikira muvi uleke kugwedezeka, ndipo alemba kadontho m'buku la mwanayo. Dontholo likatsika mwezi uno ndi mwezi wamawa, amuitanira mayiyo pambali, osati pamaso pa anzake, namufunsa za phala, za nsinjiro ndi za amene amasamala mwana iye akapita kudimba. Kutsitsa mawu kotereku sikuchokera m'buku ayi: kudachokera kwa mphunzitsi wina amene adayesa wophunzira wake nthawi zambirimbiri kufikira atazolowera. Ndipo kuyambira mu 2008, pamene zipatala zazing'ono za m'midzi zidatsegulidwa, alangizi omwewa adaphunzitsidwanso kuwerenga mpweya wa mwana wa chibayo, kuzindikira malungo msanga ndi kusungunula Thanzi kwa wotsegula m'mimba, pamalo pamene kukafika kuchipatala n'kuyenda theka la tsiku.

Sindinena kuti dziko lathu silidziwa kuthokoza. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine, imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, idatcha nyumba yake ya mabuku dzina la Profesa John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi amene adalimbikira kuti madokotala aziphunzirira kwawo kuno, ndipo adayeneradi ulemuwo, pakuti sukuluyo idatumiza ophunzira ake ku Mangochi kukagona m'midzi, kuti asadayambe kuchiza munthu adziwe madzi amene amamwa ndi nyumba imene amagona. Mu 2021 sukuluyo idaphatikana ndi Kamuzu College of Nursing, nizikhala yunivesite imodzi ya KUHeS, kumene chaka ndi chaka maina a otsiriza maphunziro amaitanidwa limodzilimodzi, makolo akululutira. Sitiiwalanso Dr Daniel Malekebu, amene adaphunzira udokotala ku Meharry, ku America, nabwerera mu 1926 kudzautsa mishoni ya PIM ku Chiradzulu. Onsewa mbiri idawasunga bwino.

Koma ulemu wathu uli ndi chizolowezi chokwera kumtunda, ndipo sutsika msanga. Akale adati wopusa adaomba ng'oma, ochenjera navina. Ine sindiwatcha opusa aphunzitsi a ku Mponela, kapena akuluakulu oyang'anira zaukhondo amene ankapalasa njinga kuchokera pa Nathenje kukaona ngati wophunzira wawo akusunga katemera pozizira, koma kunena zoona ng'oma adaiomba ndiwo. Pamene kolera adabweranso mu 2022 ndi 2023, mliri wa kolera woposa yonse imene dziko lino lidaonapo, umene udatenga miyoyo yoposa 1,700 ndi kukantha kwambiri boma la Lilongwe, amene adaima pamijigo ndi ndowa za klorini, nakambirana ndi mafumu za kaikidwe ka maliro, adali ophunzira a anthu amenewa, ndi ophunzira a ophunzira awo.

Maina a aphunzitsiwo akali m'mitu ya alangizi opuma ntchito, amene ena mwa iwo lero amalima fodya ndi mtedza kwa Chiseka, ena amagulitsa tomato pamsika wa Nathenje, m'mbali mwa msewu wa ku Dedza. Mlangizi wokalamba mukamufunsa za amene adamuphunzitsa kubaya jakisoni, sazengereza. Atchula dzina, mfunda, kwawo kwa munthuyo, ngakhale mawu amene ankakonda kudzudzula nawo. Ophunzira a zaumoyo amene amabwera m'midzi muno ndi mapepala a kafukufuku, kudzawerenga zimbudzi ndi maneti, akadachita bwino kuwonjezapo funso limenelo, ndi kulemba mayankho ake akuluwo akali ndi mphamvu zoyankhula.