Njere za Thonje ndi Mbiri ya Mafuta Olimbitsidwa

Inu amene mukuudziwa mzinda wa Kabwe mukuikumbukira fakitale ya nsalu ya Mulungushi, imene idamangidwa ndi chithandizo cha dziko la China, ndipo makina ake adaima m'chaka cha 2007. Thonje la alimi athu linkasanduka nsalu kumeneko. Koma kodi mudaganizapo za njere zimene zimatsala thonje likapunthidwa? M'njerezo muli mafuta, ndipo mbiri yake ifunika kuti muidziwe.

M'chaka cha 1902 katswiri wa ku Germany, Wilhelm Normann, adalembetsa njira yolimbitsira mafuta amadzimadzi. Mafutawo amawatenthetsa ndi kuwapopera mpweya wa haidirojeni, kufikira atauma ngati batala. Mu 1911 kampani ya Procter & Gamble ku America idayamba kugulitsa Crisco, mafuta oyera mbee ochokera ku njere za thonje. Anthu adawakonda popeza anali otsika mtengo ndiponso osasasa msanga. Majarini ambiri adayamba kupangidwa mwa njira yomweyo.

Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta akalimbitsidwa mosamaliza, mumapangika mtundu wina wa mafuta wotchedwa trans. Mu 1990 akatswiri awiri a ku Netherlands, Mensink ndi Katan, adaonetsa kuti mafutawa amachulukitsa kolesterolo woipa amene amatseka mitsempha ya magazi, nachepetsa wabwino. Dziko la Denmark lidaika malire mu 2003: magalamu 2 okha pa magalamu 100 alionse a mafuta. South Africa idatsatira mu 2011, ndipo mu 2018 bungwe la WHO lidapempha maiko onse kuti awathetse.

Masiku ano mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook asokoneza mbiri imeneyi. Ena ati majarini ndi m'bale wa pulasitiki. Ena ati mafuta onse ochokera ku mbewu ndi poizoni. Zimenezi si zoona. Choopsa chidabwera ndi kulimbitsa kosamaliza kuja, osati ndi njere. Mafuta amadzimadzi a mpendadzuwa, soya kapena mtedza sadutsa m'njira imeneyo, ndipo nsinjiro zimene amayi amatendera nazo chibwabwa zilibe mlandu.

Tsono mukamagula majarini kapena mabisiketi, tembenuzani paketi, muwerenge. Mukapeza mawu akuti "partially hydrogenated", ibwezeni pamene munaitenga. Ndipo uthenga woopseza ukafika pa foni yanu, musanautumize kwa abale, yambani mwafunsa amene adapima nkhaniyo ndi chaka chimene adapimira.